Kuonera mbalame ku Delta Park kuno ku Joni: mmene mungayambire

Ambiri mwa ife amene tili kuno ku Joni tinakulira pakati pa mbalame, kungoti tinkazidziwa ndi legeni ndi ulimbo. Ine ndili mwana ndinkadziwa mtengo umene njiwa zimagona, ndinkadziwa nthawi imene pumbwa amatera pa papaya wakupsa, ndinkadziwa kuti nkhwali ikalira chakuti ndiye kuti yabisala pa chitsamba chiti. Nde nditayamba kupita ku Delta Park tsiku langa lopuma ndinapeza kuti maso aja akumudzi akugwirabe ntchito bwinobwino, chasintha ndi choti pano mbalameyo ndimaiyang'ana mpaka itauluka yokha. Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti kodi kumeneko umakataniko mmawa wonse opanda mpira opanda braai, ndiye ndati ndilembe mwatsatanetsatane kuti amene akufuna ayese.

Malowo kaye. Delta Park ili kumpoto kwa tauni, pakati pa Victory Park, Blairgowrie ndi Craighall Park, cha ku Randburg. Ndi paki yayikulu, mahekitala opitirira 100, kulowa ndi ulele, amayang'anira ndi a Johannesburg City Parks and Zoo. Mtsinje wa Braamfontein Spruit umadutsa mmbali mwake, mkati muli madamu angapo, kapinga wambiri, mitengo, ndiponso kagawo kamene anakasiyira mbalame zokhazokha kotchedwa Florence Bloom Bird Sanctuary. Kale malo onsewa anali oyeretserako madzi oipa ochokera mzimbudzi za mzindawu, anamanga mma 1930, ndipo malo otere analipo anayi, Antea, Bruma, Cydna ndi Delta, kutsatira A, B, C, D. Atatseka mma 1960 ndi pamene panasanduka paki, ndipo chinyumba chakale chija chilipobe, pano ndi Delta Environmental Centre. Geti lofikira pa chinyumbacho lili pa Road No. 3 ku Victory Park, ndipo kwa munthu woyamba ndi pamene ndinganene kuti mulowere chifukwa pamakhala anthu komanso sanctuary siili kutali. A Geoff Lockwood, katswiri wa mbalame amene wagwira ntchito pamalowa zaka zambirimbiri, akhala akulemba mbalame zimene zimaoneka mu pakiyi ndipo mitundu yake inadutsa 200. Mkatikati mwa mzinda umenewo abale, magalimoto akulira mbali zonse.

Choyamba sankhani tsiku ndi nthawi

Mbalame ndi zammawa, izi mukuzidziwa kale. Maola awiri kapena atatu dzuwa litangotuluka ndi pamene zimalira kwambiri ndi kusaka chakudya, ikamafika 10 koloko zambiri zimakhala zalowa mmasamba, mumangoona mabakha ndi ma hadeda, zimbalame zaphokoso za mlomo wautali zija. Mu Disembala kuno kumacha cha mma 5, mu Juni dzuwa limatuluka cha mma 7 ndipo kumazizira koopsa, Joni ili pamtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700 ndiye mmbali mwa mtsinje udzu umachita kuyera ndi chisanu. Mukamapita nthawi imeneyo valani juzi ndi jekete, zala zimauma mpaka kukanika kugwira cholembera.

Loweruka mmawa pamakhala parkrun, anthu amathamanga makilomita 5 kuyambira 8 koloko, ndipo ya ku Delta ndi imene inali yoyamba mu South Africa muno, anayambitsa a Bruce Fordyce mu 2011. Ndi chinthu chabwino koma kwa ife ofuna mbalame ndi chigulu cha anthu chodutsa mnjira zomwezo, nde ngati Loweruka ndi tsiku lokhalo limene bwana amakupatsani fikani molawirira kuti pofika 8 mukhale muli kale mu sanctuary. Ine ndimakonda Lamlungu mmawa kapena pakati pa sabata.

Kunena za nyengo, mukafuna mitundu yambiri pitani kuyambira Okutobala mpaka Malichi. Ndi nthawi ya mvula, mbalame zimaswa, zamphongo zimavala nthenga zowala, ndiponso alendo amakhala afika, anamzeze ena amachokera ku Ulaya kwenikweni kudzadya tizilombo kuno nkubwerera cha mu Malichi ndi Epulo. Koma nyengo yomweyi masana kumagwa mvula ya mabingu ndipo mphezi za ku Joni sizocheza nazo, mukaona mitambo yakuda ikuunjikana musadikire pansi pa mtengo kapena mmbali mwa damu, nyamukani. Nyengo yozizira ili ndi ubwino wake, mitengo yambiri imayoyola masamba nde kambalame kakatera mumakaona konse, kwa wophunzira zimathandiza kwambiri.

Chachiwiri zonyamula

Musadikire kuti mugule zida. Ulendo woyamba maso, makutu, kope laling'ono ndi cholembera ndi zokwanira, kuphatikiza botolo la madzi ndi chipewa. Zovala zikhale zosawala, za mtundu wa dothi, zobiriwira kapena zotuwa, shati yoyera mbee mbalame imaiona muli kutali. Nsapato zikhale zoti zikanyowa ndi mame simudandaula, ndipo buluku lalitali ndi bwino chifukwa mu udzu wautali mumakhala nkhupakupa, mukafika kunyumba dziyang'aneni mmiyendo.

Mukapeza kangachepe gulani ma binoculars, olo a second hand. Pa iwo pamalembedwa manambala awiri, mwachitsanzo 8x42. Nambala 8 ikutanthauza kuti chinthu chimaoneka pafupi ka 8, pamene 42 ndi kukula kwa galasi lakutsogolo mmamilimita, likakula ndiye kuti kuwala kumalowa kwambiri ndipo mmawa kukadali kachisisira mumaonabe bwino. 8x42 kapena 10x42 ndi amene anthu ambiri oonera mbalame amagwiritsa ntchito. Musakopeke ndi aja olembedwa manambala akuluakulu ngati 20 kapena 30 amene amagulitsa mmisewu, mmanja amanjenjemera ndipo mbalame kuti muipeze mkatimo ndi ntchito, ikamapezeka imakhala itauluka.

Kuwatchera kwake ndi kotere, ndipo ambiri sadziwa nde amangoti ma binoculars amandipweteka mutu. Pindani pakati mpaka maso onse awiri aziona bwalo limodzi osati awiri. Sankhani chinthu chosayenda, kaya chikwangwani, tsinzinani diso lamanja, zungulizani kagudumu kapakati mpaka diso lamanzere liziona bwino. Kenako tsinzinani lamanzere, kagudumu kapakati kaja musakakhudze, zungulizani kamkombero kamene kali pa galasi la diso lamanja mpaka nalo liziona bwino. Basi mwatha, kuyambira pamenepo muzingogwiritsa ntchito kapakati. Ndipo mukaona mbalame musayang'ane pansi kufunafuna ma binoculars, maso akhale pa mbalame pomwepo, manja ndi amene abweretse ma binoculars kumaso. Yesererani kunyumba pa njiwa za pa waya mpaka dzanja lizolowere.

Pa foni ikani apu ya Merlin Bird ID yothandiza kudziwa dzina la mbalame, ndi yaulere, koma dawunilodani mbalame za kumwera kwa Africa muli pa wifi kuti isakudyereni bandulo. Buku nalo ndi lofunika, la Sasol kapena la Roberts, mumawapeza mmashopu a mabuku akale. Maina mmenemo ndi achingerezi nde ndiziwatchula mmene alili kuti mukawapeze, koma pamene dzina lakwathu ndikulidziwa ndilitchulanso.

Chachitatu musapite nokha ulendo woyamba

Iyi ndi Joni. Mmbali mwa Braamfontein Spruit anthu akhala akulandidwa mafoni ndi njinga, makamaka malo obisika komanso nthawi imene kulibe anthu. Tengani mnzanu mmodzi kapena awiri, yendani mmene mukudutsa anthu oyendetsa agalu ndi othamanga, foni isamangokhala mmanja, ndipo kukamada mukhale mutatuluka. Njira ina yabwino ndi kupita ndi gulu, Witwatersrand Bird Club ili ndi malo ake pa Delta Environmental Centre pomwepo ndipo amakonza maulendo oonera mbalame. Ine poyamba ndinkachita manyazi kuti ndikaoneka mlendo pakati pawo, koma anthu okonda mbalame mukawafunsa kuti kodi icho ndi chiyani amasangalala, ena amakubwerekani ndi ma binoculars omwe.

Chachinayi yambani ndi za pa kapinga

Mukalowa musathamangire ku damu. Imani kaye pafupi ndi geti mphindi zisanu, onani kumene dzuwa lili ndipo konzani njira yanu kuti dzuwalo lizikhala kumsana kwanu, mukayang'anana nalo mbalame iliyonse imangooneka yakuda bii. Yendani pang'onopang'ono, masitepe khumi nkuima, osaloza ndi dzanja mwadzidzidzi, osalunjika pa mbalame ngati mukukaigwira, muziyenda chammbali ngati mulibe nayo ntchito.

Pa kapinga mupeza hadeda, chimbalame chotuwa cha mlomo wautali wopindika chija chimatidzutsa mmawa ndi haa haa haa, chikuzika mlomo mdothi kufuna nyongolotsi. Musachinyoze poti ndi cha paliponse, chiyang'aneni dzuwa likachiwomba pa phiko muone kubiriwira ndi kufiirira kumene kumang'anima pamenepo. Mupezanso nkhanga zathu zomwe zija zikuyenda mchigulu, atsekwe otchedwa Egyptian Goose okhala ndi banga lofiirira kuzungulira diso, ndi timbalame tamiyendo itali totchedwa lapwing. Ta mtundu wakuda, woyera ndi wotuwa ndi Blacksmith Lapwing, kulira kwake ndi tink tink tink ngati munthu akusula khasu, pamene Crowned Lapwing ili ndi miyendo yofiira ndi mzere woyera wozungulira pamutu ngati nkhata. Timeneti timaikira mazira pansi penipeni pa udzu, nde tikayamba kukuzungulirani pamutu ndi phokoso dziwani kuti mwayandikira mazira kapena anapiye, bwererani mmbuyo ndipo muziyang'ana poponda. Tsiku lina ndinaona galu womasulidwa akuthamangitsa kholo la timbalame timeneti uku tianapiye titatu tangoti phee mu udzu ngati timiyala, mwini galu ali pa foni osadziwa kalikonse, zinandiwawa mtima kwambiri.

Cholinga cha ulendo woyamba chikhale kudziwa bwino mbalame 10 kapena 15 zopezekapezeka, osati kusaka zosowa. Mukazidziwa zimenezi ndi zimene zimakhala muyeso wanu, china chachilendo chikadzabwera diso limakana lokha kuti ayi ichi si chija.

Chachisanu khalani pansi pa damu

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Sankhani damu limodzi, pezani pokhala pamene dzuwa lili kumbuyo ndipo mukuona madzi ndi bango, khalani mphindi zosachepera 20 osayendayenda. Mukangofika zonse zimathawira pakati kapena kulowa mbango, mumaona ngati palibe kanthu. Dikirani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, pa damu mawu amenewa mumawaona ndi maso, pakapita mphindi khumi zimayamba kutuluka imodzi imodzi ngati inu mulibepo.

Yambani ndi zoyandama. Yakuda thupi lonse yokhala ndi mlomo woyera ndi mphumi yoyera ndi Red-knobbed Coot, mukaiyang'anitsitsa pamwamba pa mphumi pali tinthu tiwiri tofiira ngati nthudza zazing'ono, timatupa nyengo yoswa, ndipo ndi yandewu, imathamangitsa inzake ikuchita kuthamanga pamwamba pa madzi. Ina yofanana nayo koma yocheperako, mphumi yofiira, nsonga ya mlomo yachikasu, ikuyenda mmbali mwa bango uku ikugwedeza mchira woyera kunsi, imeneyo ndi Common Moorhen. Awiriwa akakusokonezani ingoyang'anani mphumi, yoyera kapena yofiira, nkhani yatha. Bakha wotuwa wa mlomo wachikasu wokhala ndi banga lakuda pamwamba ndi Yellow-billed Duck. Ndiye pali kakang'ono kozungulira ngati kamwana ka bakha kopanda mchira, mukangoti mukaone bwino kamira, nkukatulukira patali, ndi Little Grebe kameneko, si mwana wa aliyense ndi kakakulu kale.

Kenako yang'anani pa zitsa ndi nthambi zouma zimene zili pamadzi. Mupeza mbalame zakuda zitatambasula mapiko ngati zayanika zovala, ndipo ndi zoonadi zikuyanika, nthenga zake zimalowa madzi zikamira posaka nsomba. Zilipo za mitundu iwiri zimene muyenera kusiyanitsa. Reed Cormorant ndi yocheperako, mlomo waufupi wokhota kunsonga. African Darter ili ndi khosi lalitali lopyapyala ndi mlomo wosongoka ngati mkondo, ndipo ikamasambira thupi lonse limakhala mmadzi kungotsala khosi ndi mutu, ulendo woyamba mudzaganiza kuti ndi njoka. Ndinaionapo ina ikutuluka ndi kansomba katabayidwa pa mlomo, inakagwedeza, nkukaponya mmwamba pang'ono, nkukawakha kuyambira kumutu, khosi lija nkuchita kutupa kansomba kakutsika. Zonsezi zinachitika mamita ochepa kuchokera pamene ndinakhala, chifukwa choti ndinali nditakhala chete nthawi yaitali.

Pomaliza yendetsani maso pang'onopang'ono mmphepete monse mwa madzi, kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Mmenemo ndi mmene mumaima akakowa ndi abale awo a khosi lalitali otchedwa ma heron osagwedezeka ngati chitsa, nantchengwa wathu uja wa mutu ngati hamala amene mbuku amati Hamerkop, ndipo pa bango lopendekera pamadzi mukachita mwayi muona kadontho kabuluu kowala ndi mlomo wofiira, Malachite Kingfisher, kakang'ono kwambiri moti ambiri amakadutsa. Nthawi zambiri mumayamba kumva kulira kwake kakuthwa kakudutsa chapansipansi pamadzi ngati muvi, tsatirani ndi maso muone pamene katere.

Chachisanu ndi chimodzi mukaona yosaidziwa

Cholakwa cha tonse poyamba ndi kuthamangira buku kapena foni mbalame ikadali pamaso. Buku silithawa, mbalame ndi imene ithawe. Iyang'aneni mpaka ichoke, uku mukudzifunsa motsatana. Kukula kwake ikufanana ndi chiyani, mpheta, pumbwa, njiwa, nkhanga kapena tsekwe? Mlomo ndi wotani, waufupi wonenepa wodyera njere, wopyapyala wodyera tizilombo, wokhota ngati wa kabawi? Miyendo ndi mchira ndi zazitali bwanji? Ili pati, pansi, mbango, pamwamba pa mtengo? Ikuchita chiyani, ikudumpha, ikuyenda, ikugwedeza mchira? Mtundu wa nthenga ubwere kumapeto, chifukwa mtundu umanamiza, kuwala kukasintha nawo umasintha, komanso zazikazi ndi zazing'ono nthawi zambiri sizifanana ndi chithunzi chokongola cha yamphongo. Lembani mkope mmawu anuanu, mChichewa momwemo, kaya “ngati pumbwa koma chifuwa chofiirira, nsidze yoyera, imakweza mchira ikatera”, mukakatsegula buku mupeza kuti ndi Cape Robin-Chat. Ndipo ngati simunaione bwino isiyeni ipite yopanda dzina, osaikakamiza kuti ikhale imene mukuifuna.

Chachisanu ndi chiwiri atchete ndi za mbango

Kuyambira kumapeto kwa nyengo yozizira mpaka mvula yonse, pa nthambi zolendewera pamadzi pamakhala zisa za atchete, mbuku ndi Southern Masked Weaver, wamphongo wachikasu, nkhope yakuda, maso ofiira. Apa pokha mukhoza kutha ola lathunthu. Womanga ndi wamphongo. Amapita pa udzu kapena bango, amaluma mmbali mwa tsamba nkuuluka nalo kuti ling'ambike kachingwe kataliko, amayamba ndi kumanga kamkombero pa nsonga ya nthambi, nkumaluka ataima pa kamkombero komweko mpaka chisa chitazungulira, khomo limayang'ana pansi. Masamba a nthambi imeneyo amawathothola onse. Akamaliza amalendewera chadodolido kunsi kwa chisa, mapiko akupiripita, akulira mosalekeza kuitana wamkazi. Wamkazi amabwera, amalowa, amakoka apa ndi apo, akakhutira amayalamo zofewa nkuikira. Chisa chikakanidwa kapena chikauma wamphongo yemweyo amachiphwasula nkuyambiranso, nde pansi pa mtengo mumapeza zinyalala za zisa zambirimbiri. Kumudzi zisa zimenezi tinkangozigwetsa kufuna anapiye, sindinkadziwa kuti pamapita ntchito yotere.

Mbango momwemo muli Southern Red Bishop, wamphongo nyengo ya mvula amakhala wofiira ndi wakuda ngati khala la moto, amadzitukumula nkumauluka pang'onopang'ono pamwamba pa bango. Ikatha nyengo yoswa amavula zonsezo nkukhala wotuwa ngati mpheta wamba, nde mukapita mu Julayi musadabwe kuti apita kuti, alipo pomwepo. Ndipo pamene pali atchete ndi ma bishop tcherani khutu kumva dii dii dii diderik, ndi Diederik Cuckoo, wobiriwira monyezimira kumsana, woyera kumimba. Iyeyu samanga chisa, wamkazi amazemba nkukaikira dzira mchisa cha atchete kuti amulerere, nchifukwa chake mukaona atchete akuthamangitsa kambalame kobiriwira mwaukali mudziwe kuti mlandu wake ndi umenewo.

Chachisanu ndi chitatu mu sanctuary ndi mu hide

Mu Florence Bloom muli tinyumba tobisalamo timene amati hide, tili ndi benchi ndi mipata yoonera kumadzi. Lowani mwakachetechete, foni ikhale pa silent, mukapeza anthu apatseni moni wa mutu kapena wonong'ona, musatulutse dzanja kapena mutu pa mpata uja chifukwa mukatero mwathamangitsira aliyense. Mukafuna kuonetsa mnzanu musamangoti apo apo, nenani kuti pa chitsa chakumanzere, nthambi yachiwiri kuchokera pansi. Ana abwere nawo ndithu, kungowauza kaye kuti mmenemu timalankhula ngati mtchalitchi.

Legeni, misampha, kutola mazira, kugwira anapiye, zonsezi ayi, ndi zoletsedwa ndipo mukhoza kumangidwa nazo. Buledi musaponyere mabakha, amawononga madzi ndipo kwa iwo si chakudya chabwino. Chinanso chimene chafala ndi mafoniwa ndi kuliza kulira kwa mbalame pa sipika kuti ibwere pafupi, imabweradi koma imabwera itakwiya poganiza kuti mdani walowa mdera lake, imasiya mazira ndi ana nkumalimbana ndi foni yanu. Ine sindichita ndipo sindikulimbikitsani.

Chachisanu ndi chinayi phunzitsani makutu

Mmitengo mbalame zambiri mudzazimva musanazione. Musayese kuloweza zonse, tengani ziwiri kapena zitatu pa ulendo. Yolira trrrrrr mosalekeza ngati alamu ya wotchi yakale ndi Crested Barbet, ya mawangamawanga achikasu, ofiira ndi akuda. Zolira ziwiri mopokezana mwachangu ngati nyimbo imodzi ndi Black-collared Barbet, mwamuna ndi mkazi, nkhope zofiira. Yotuwa ya tsumba ndi mchira wautali yolira kweee ngati ikukunyozani ndi Grey Go-away-bird. Kuyambira Okutobala mumva mawu atatu otsika obwerezabwereza tsiku lonse ngakhale usiku, ndi Red-chested Cuckoo, eni dziko amati Piet-my-vrou, kumumva ndi kosavuta koma kuti mumuone mudzatuluka thukuta. Ndipo mbango mukamva du du du du motsika ngati madzi akutuluka mbotolo, ameneyo ndi mkuta, Burchell's Coucal, tsiku loyamba kumumva kuno ndinaima chilili chifukwa ndinangoona ngati ndili kudambo kwathu mvula ikubwera. Merlin ikhoza kukuthandizani kumvetsera, koma imalakwitsa, nde dzina limene yakupatsani litsimikizeni ndi maso musanalembe.

Mbalame zing'onozing'ono zikayamba kulalata zonse pamodzi pa mtengo umodzi, kapena nkhunda zikabalalika mwadzidzidzi, kwezani maso msanga. Kawirikawiri ndiye kuti kabawi wadutsa, mu pakiyi mumapezeka Black Sparrowhawk ndi Ovambo Sparrowhawk amene amakonda mitengo italiitali ngati bulugama. Pena phokosolo limakhala la kadzidzi amene zamupeza akugona. Ndikudziwa mmene tinakulira, kadzidzi akalira padenga anthu sagona, koma Spotted Eagle-Owl amene amakhala mmizinda muno ntchito yake ndi kudya makoswe ndi tizilombo, ndipo mukadzamuona masana atatsinzina pa nthambi, timakutu ta nthenga tili njo, nkutsegula diso limodzi lachikasu kukuyang'anani, mantha aja amasanduka chidwi. Muonereni patali, musamudzutse. Mukamva phokoso lakuthwa mmwamba nkuona zobiriwira za michira yaitali zikudutsa mwaliwiro, ndi zinkhwe zotchedwa Rose-ringed Parakeet, si zakuno, zinachokera kwa anthu oweta mmakola nkuyamba kuswana mtauni.

Chakhumi lembani zimene mwaona

Musanatuluke khalani pa benchi, lembani deti, nthawi imene munayamba ndi kumaliza, mmene kunja kunachera, ndi mbalame zonse zimene mwazitsimikiza. Zokayikitsa ikani chizindikiro chofunsa. Pakatha miyezi itatu kope limeneli liyamba kukuuzani zinthu lokha, kuti anamzeze anafika liti, ma bishop anafiira liti, cuckoo anasiya liti kulira. Mukazolowera ikani apu ya BirdLasser kapena eBird. BirdLasser imatumiza zimene mwaona ku SABAP2, kalembera wa mbalame wa kumwera kwa Africa amene anayamba mu 2007, anagawa dziko mtimabokosi totchedwa pentad ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ndipo amene amadzaza timabokosi timeneti ndi anthu wamba ngati ife tomwe. Kuti kadi yanu, mndandanda wa mbalame zimene mwaona, iwerengedwe ngati yathunthu pamafunika maola osachepera awiri mukuonera mkabokosi kamodzi, amene ndi mmawa umodzi wa ku Delta basi.

Potuluka, ngati muli awiri kapena atatu ndipo mnjira muli anthu, dzerani mmbali mwa mtsinje. Yang'anani pamene madzi akuthamanga pamiyala pansi pa mitengo, pamakhala bakha wakuda wa madontho oyera kumsana, African Black Duck, sakonda madamu ngati anzake, amakonda madzi oyenda ndipo kawirikawiri amakhala awiri, mwamuna ndi mkazi. Ndi wamanyazi kwambiri, akakuonani amatsetsereka ndi madzi nkulowa pansi pa mizu, nde mukafika pokhota mtsinje chepetsani liwiro, suzumirani kaye musanaonekere thupi lonse. Ulendo woyamba mwina simumupeza, ine ndinamuona ulendo wachinayi, cha mma 9 mmawa, ali pa mwala akudzikonza nthenga.